Tinasiya Fodya M'chigafa

Amuna anga, bambo a Lute, anagwa m'mwezi wa Malichi, ntchito yothyola fodya ili pachimake. Tinali matenanti pa esiteti ya a Kamwendo, kuseri kwa Chamama, ndipo tinali titakhalitsapo moti anthu anayamba kuiwala kuti kwathu ndi ku Phalombe. Tsiku limenelo anatsika m'chigafa momwe ankapachika fodya, napempha madzi akumwa. Ndinawapatsa, koma chikho chinawapulumuka. Nditawayang'ana ndinaona kuti pakamwa papotoka.

Kuchipatala anatisunga masiku angapo, natipatsa mapilitsi a kuthamanga kwa magazi, nati chotsala n'kukawasamalira kunyumba. Mbali yonse ya kumanja inali itafa. Munthu amene ankatha kucheza kuchokera kumunda mpaka pakhomo osapumira anatsala ndi liwu limodzi lokha, "eya". Ukawafunsa ngati akufuna phala, eya. Ukawafunsa ngati akhuta, eya. Koma maso awo ankamva zonse.

Akazi a abwana, mayi Kamwendo, anali odziwika dera lonselo chifukwa cha chifundo. Sindikunena monyoza. Pamaliro ankafika oyambirira ndi thumba la ufa, ndipo kutchalitchi ndiwo ankatsogolera amayi okaona odwala. Titangotuluka m'chipatala anabwera kwathu, nakhala pamkeka wathu wong'ambika uja, nandigwira dzanja.

"Amake Lute, ine tulo sindikuliona chifukwa cha inu," anatero. "Munthu akadwala chonchi amafunika kwawo, pakati pa abale. Ndakambirana ndi abambo. Galimoto tipereka ife, ndipo ine ndemwe ndikakutulani pakhomo penipeni ku Phalombe."

"Nanga fodyayu, mayi? Wina akadali m'munda."

"Musamaganize za fodya pamene mnzanu ali chigonere. Zimenezo tidzakambirana akagulitsidwa."

Bambo a Lute anali atagona pafupi ndi khomo, maso ali kuchigafa. Mayi anawaweramira nawafunsa mokweza, ngati akufunsa gonthi, ngati akufuna kupita kwawo.

"Eya."

"Mwadzimvera nokha," anatero mayi.

Lamulungu nkhaniyi inalengezedwa m'tchalitchi ndipo anthu anaomba m'manja. Ine ndinauzidwa kuti ndiimirire ndithokoze, ndipo ndinaimirira n'kuthokoza.

Tinanyamuka Lachiwiri m'mamawa. A Phiri, dalaivala wa pa esiteti, anaimika pikapu pakhomo pathu. Kumbuyo anayalako matiresi ochokera kunyumba kwa abwana, ndipo m'mbali mwake tinapanikizamo ndowa, mapoto, mtolo wa zovala ndi kathumba ka chimanga. Amayi a kutchalitchi anabwera kudzaimba. Mayi Kamwendo anafunditsa odwala bulangete latsopano, nauza a Phiri kuti atijambule ndi foni.

"Amake Lute, mwetulirani pang'ono. Anthu angayese tikukuthamangitsani."

Pansi pa mtengo wa mango panakhala banja lina limene sindinkalidziwa, mwamuna, mkazi ndi khanda, ndi mitolo yawo. Mkaziyo ankapewa maso anga. Galimoto isanafike n'komwe pamsewu ndinacheuka, ndipo ndinamuona atayamba kale kusesa pakhonde panga ndi tsache langa limene ndinaiwala. Mwamuna wake anali ataima m'chigafa, akununkhiza fodya wathu. Sindinawade. Nafenso tinafika chomwecho, ndi mitolo, pakhomo pomwe wina anali atangochokapo. Koma ndinadziwa pamenepo kuti tsiku la ulendo wathu silinasankhidwe poyang'ana odwala.

Msewu wa ku Chamama unali wamatope ndi maenje. Ine ndinakhala kumbuyo, mutu wa bambo a Lute uli pamiyendo panga, ndipo galimoto ikagwera m'dzenje ankaluma mano. Mbali zonse kunali zigafa zodzaza ndi anthu akusoka fodya. Ena otidziwa ankabaibitsa. Kutsogolo mayi ankaimba nyimbo za kutchalitchi, windo lili lotsegula.

Pa boma la Kasungu tinaima kuthira mafuta. Mayi anatigulira mabanzi ndi zakumwa, ndipo anakwera okha kumbuyo kudzadyetsa odwala. Ndinawauza kuti amatsamwa akapatsidwa zouma, koma anati pang'ono pokha. Anatsamwadi mpaka misozi. Mayi anawasisita pamsana uku akufotokozera munthu wothira mafuta uja kuti awa ndi antchito awo, akuwaperekeza mpaka ku Phalombe, chifukwa wantchito ndi m'bale. Munthuyo anati anthu ngati iwo ndi osowa. Ndinawayang'ana mayi nkhope. Inkawala ngati adzola mafuta. Sankanamizira ayi, ankasangalaladi kuchokera pansi pa mtima, ndipo ife awiri ndife tinali ndiwo za chisangalalocho.

Tinadutsa pa Chinkhoma, pomwe fodya wathu akanadzagulitsidwa. Bambo a Lute ankaona thambo lokha, ndipo sindinawauze pamene tafika. Titangowoloka mlatho wa Bua tinamva kuphulika, galimoto inadzandira, a Phiri n'kuikhotetsera kumbali. Tayala la kumbuyo linali litang'ambika. Atatsitsa lapadera anapeza kuti nalonso ndi lophwa. Anaimitsa wa kabaza, nakweza tayalalo, nati akukamatitsa ku Madisi, sachedwa.

Dzuwa linakwera. Pamalopo panalibe mthunzi wofika pagalimoto, choncho ndinamangirira chitenje ku zitsulo kuti chitchinge nkhope ya odwala. Chapatali pang'ono mayi wina ankaotcha chimanga chachiwisi. Mayi Kamwendo anagula chitatu, napemphera kuti satana asatchinge ulendo wabwino, kenaka anakhala m'galimoto n'kumayankha mafoni. Ndinkamva akuuza anzawo kuti tili panjira, tayesedwa pang'ono, atikumbukire m'mapemphero.

Patapita nthawi bambo a Lute anayamba kundikoka chitenje ndi dzanja lawo lamanzere. "Eya. Eya." Ndinadziwa chimene ankafuna. Kunyumba ndinkawakhwekhwereza pamkeka mpaka kuseri, koma kuwatsitsa m'galimoto ndekha sindikanatha. Ndinapita pawindo.

"Mayi, pepani. Akufuna kudzithandiza. Mukangondigwirira miyendo tiwatsitse, zinazo ndichita ndekha."

Anayang'ana bulauzi yawo yoyera, nayang'ana kumsewu.

"Tingodikira a Phiri. Zimenezi zimafunika mwamuna. Abwera posachedwapa."

A Phiri sanabwere posachedwa. Bambo a Lute anapirira mpaka thukuta linatuluka pamphumi, kenaka anasiya kundikoka. Anatseka maso. Misozi inatsikira m'makutu. Uyu anali munthu amene sankalola kupita kumunda ndi malaya osachapa, amene ankameta ndevu Loweruka lililonse ngakhale kulibe sopo. Fungo linabwera, ntchentche nazo zinabwera.

Ndinakapempha madzi kwa mayi wootcha chimanga uja, ndipo anandigawira theka la chigubu chake osafunsa kanthu. Ndinapukuta zimene ndikanatha, nditagwada pakati pa mapoto, malole akudutsa n'kumatiwomba mphepo. Madziwo sanakwane. Mayi Kamwendo anatuluka m'galimoto nakaima komwe mphepo inkachokera. Atabwerera anasuzumira kumbuyoko, mpango uli pamphuno. Matiresi awo anawayang'ana nthawi yaitali kuposa munthu amene anagonapo.

A Phiri anafika dzuwa litapendeka. Kuchokera pamenepo kutsogolo kunalibenso nyimbo. Tinadutsa Madisi, Mponela ndi Lumbadzi windo lili lotseka. Titalowa mu Lilongwe ndinkayembekeza kuti tilunjika msewu wa ku Dedza, koma galimoto inakhotera kudepoti.

"Amake Lute, a Phiri akuti tayala limeneli silingafike ku Phalombe. Ndi zoopsa, makamaka kwa odwalawa. Komanso abambo aimba, galimoto ikufunika mawa. Ndikuguliranitu matikiti a basi yabwino, mukafika bwinobwino."

A Phiri ankayang'ana nsapato zawo. Anatsitsa katundu wathu, kenaka ananyamula bambo a Lute n'kuwatsamiritsa pa kathumba ka chimanga kaja. Mayi anabwera ndi matikiti awiri ofika ku Limbe, paketi ya shuga ndi sopo wamtanda. Anandipatsira patali, mkono atautambasula. Kenaka anangoima n'kumandiyang'ana, ndipo ndinadziwa chimene ankadikira. Ndinagwada pamatope a m'depoti muja, pakati pa ogulitsa mazira ndi oitanira mabasi, n'kuwathokoza chifukwa cha zonse zimene anatichitira. Nkhope yawo inawalanso pang'ono. Anati Mulungu atitsogolere, nakwera galimoto.

Kondakitala wa basi atationa anapukusa mutu.

"Mayi, iyi si ambulansi. Anthu adandaula fungo. Kafuneni galimoto ya hayala."

Ndinamuonetsa matikiti, iye n'kutembenukira kwina. Ndinangoima. Ndinkaopa kuti ndikatsegula pakamwa ndilira pamaso pa amuna anga.

Pambali pathu panali mayi wina wonenepa, wa mawu osasa, amene ankakweza mabelo a kaunjika. Anali akukangana ndi onyamula katundu kuyambira pamene tinafika. Anasiya mkanganowo n'kumuyang'ana kondakitala.

"Iwe, kwanu kulibe odwala? Bambo ako ndi achitsulo?" Kenaka anatembenukira kwa ine, osamwetulira n'komwe. "Inunso mwangoima ngati chitsa. Gwirani miyendo."

Koma asanawakhudze anagwada n'kuyang'ana bambo a Lute m'maso.

"Achimwene, pepani, ine ndi mlendo kwa inu. Ndikufuna ndikugwireni m'khwapa tikakusambitseni. Mukundilola?"

Sanayankhe "eya". Anamuyang'ana kanthawi, kenaka anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Chigwereni m'chigafa muja, palibe wina amene anawapempha chilolezo pa chilichonse.

Tinawanyamula mpaka ku mabafa olipira kuseri kwa depoti. Woyang'anira anati akazi saloledwa mbali ya amuna, ndipo mayiyo anamuuza kuti ngati zili choncho avule jekete asambitse yekha. Tinalowa. Iye anaima pakhomo atatambasula chitenje chake, nkhope atalozetsa kunja, ine ndikusambitsa amuna anga ndi sopo wa mayi Kamwendo. Atabwerera kukatundu wake anang'amba belo limodzi pakona, nasololamo thalauzi lakuda. Pulasitiki ya belolo anaidula n'kuiyala pampando wa m'basi. Kondakitala anapatuka pakhomo, ife n'kukwera.

Basi inachedwa kudzaza. Tinakhala m'menemo tikupsa, injini ikungolira kunamiza anthu kuti tinyamuka tsopano lino. Kunalowa ogulitsa machaja, ogulitsa mankhwala a mano, kenaka mlaliki wa jekete lonyezimira. Analalika za chifundo cha Mulungu akuyenda uku ndi uku, mpaka anaona bambo a Lute atatsamira paphewa panga, malovu akutsikira pakona ya mlomo. Anaima, nawasanjika dzanja pamutu.

"Bambo, mukukhulupirira kuti mungachire lero lomwe lino?"

"Eya."

"Mwamva, abale? Akuti eya. Ndiye dzukani. Dzukani muyende."

Anthu anatembenuka m'mipando. Ena anatulutsa mafoni. Bambo a Lute anayesadi. Ndinamva thupi lawo likulimba, dzanja lamanzere likukanikiza mpando, mwendo umodzi ukupalasa pansi. Anakwera pang'ono n'kugwera pa ine. Mlalikiyo anati nthawi zina chotchinga chimakhala chikhulupiriro cha a m'banja, uku akundiyang'ana.

"Abusa, munthuyu watopa," anatero mayi wa kaunjika ali mpando wa kuseri kwathu. "Kalalikeni kutsogoloko, kuli anthu amphamvu zawo."

Wina anaseka. Mlalikiyo anasuntha, natolera chopereka, n'kutsika basi ikutuluka pageti.

Za m'njira sindikumbuka zambiri. Pa Dedza kunazizira ndipo ndinawafunditsa bulangete lija. Pa malodibuloko apolisi ankatsitsa anthu onse, koma ife ankangotisuzumira n'kutisiya. Pa Lizulu mayi uja anagula nthochi pawindo, naikanya ndi chala m'chivundikiro cha kontena yake, nandionetsa mowapendekera mutu kuti asatsamwe. Anadya yonse. Ndinamufunsa kumene anaphunzira zimenezi, ndipo anangoti matenda alibe kwawo.

Titadutsa Ntcheu ndinamufotokozera za esiteti, za kutchalitchi, za matiresi, za kugwada kwanga m'depoti. Ndinkafuna atukwane nane. Anamvetsera akutafuna mtedza.

"Anthu otero alipo," anatero. "Koma matikiti anakugulirani. Ena akanakusiyani pa Bua pomwepo."

Zinandipweteka, chifukwa zinali zoona. Ngakhale kukwiya kwenikweniko mayi Kamwendo sanandisiyire malo ake. Ndikati ndiwade, shuga wawo anali m'chikwama changa. Mayi wa kaunjika anatsamira pawindo n'kugona, akuliza mkonono mpaka pa Zalewa.

Anatsikira pa Lunzu usiku. Anakangananso ndi kondakitala za belo limene linathimbirira, kenaka anabwera pawindo pathu nagwira bambo a Lute paphewa.

"Muyende bwino, achimwene."

Ndinayamba kuthokoza, ndipo ulendo uno mawu ankachokadi m'kati. Anandidula.

"Zikomo zanuzo sungani, asisi. Mukazifuna kutsogoloko."

Basi inanyamuka iye akukalipira wa wilibala. Dzina lake sindinalifunse.

Tinagona m'basi momwemo ku Limbe. Kutacha amuna awiri ogulitsa malasha anandithandiza kuwanyamula mpaka pa minibasi za ku Phalombe. Kumeneko anati odwala atenga malo a anthu awiri, ndipo ndinasiya kathumba ka chimanga kaja m'malo mwa mpando winawo. Minibasi inkaima paliponse pamene munthu watukula dzanja. Phiri la Michesi litaonekera ndinawatembenuzira mutu kuti alione. Analiyang'ana mpaka msewu unakhota.

Achimwene anga, a Yohane, anatichingamira pa siteji ndi njinga. Ndinali nditawaimbira tili ku Limbe. Anapereka moni kwa ine, nayang'ana alamu awo, nayang'ana ndowa ndi mapoto.

"Katundu ndi yemweyu?"

"Ndi yemweyu."

Tinawakhazika pakaliyala, ine nditawakumbatira kumbuyo, achimwene akukankha. Tinayenda choncho m'kanjira ka pakati pa minda ya nandolo. Titatsala pang'ono kufika panyumba ya malemu amayi, achimwene anaimitsa njinga pansi pa mtengo.

"Mlongo, ndiyankhule chilungamo. Awa ndi akamwini pano. Mkamwini amadya thukuta lake. Zaka zonsezi mphamvu zawo zathera ku Kasungu, ife sitinaoneko kanthu. Ali ndi alongo awo ku Chiringa. Mungopumula lero, mawa tipeze njira yowatumizira kwawo. Ndikunena pokumverani chisoni inuyo. Mudzatha nawo thupi."

Ankayankhula ngati munthuyo palibe, chonsecho mutu wake unali pachifuwa panga. Ndinamva mpweya wa bambo a Lute ukusintha. Lute, mwana wathu yekhayo, anakwatiwa kutali ku Mozambique. Alongo awo a ku Chiringa anali okalamba, wina wakhungu. Achimwene ankadziwa zonsezi.

"Anandikwatira ali ndi miyendo iwiri, ndipo nyumba ya amayi iyo anafolera ndi iwowa," ndinatero. "Agona momwemo."

Achimwene anawatsitsa n'kuwakhazika pamizu ya mtengo, nati njinga ndi yobwereka, mwini wake akuidikira.

Anthu anali atayamba kusonkhana, azakhali, azisuweni, anzanga amene ndinavina nawo chinamwali. Anaima mozungulira, manja ali pamasaya. Wina anati kalanga ine, munthu wamphamvu uja. Wina anati Kasungu amadya anthu. Onse anamva chisoni, ndipo ndikukhulupirira kuti chinali chisoni chenicheni. Koma palibe anasuntha, chifukwa onse anali atamva zimene achimwene ananena, ndipo aliyense ankadziwa kuti wogwira lero ndiye adzaitanidwenso mawa.

Ndinavula chitenje chapamwamba. Ndinagwada kutsogolo kwa amuna anga, n'kukokera manja awo pamapewa panga, lamoyo ndi lakufa lomwe. Ndinawamanga kumsana ngati khanda. Nditadzuka, mapazi awo ankakhwekhwereza m'fumbi chifukwa anali aatali kuposa ine. Anthu anapatuka kundipatsa njira. Nkhope yawo inali pakhosi panga, yonyowa. M'nyumba munali fungo la mileme ndi ndowe za mbuzi. Ndinawatsamiritsa kukhoma, ndinasesa pakona, ndinayala bulangete, n'kuwagoneka. Kenaka ndinatenga ndowa kupita kumjigo.

Ku Chamama sindinabwerereko. Okushoni ya fodya itatsegulidwa ndinaimbako kangapo, ndipo foni ya mayi Kamwendo inkangoitana.

Bambo a Lute alipo mpaka lero. Dzanja silinabwerere, koma amatha kukhala okha pakhonde atatsamira mtondo. M'mawa ndimawatulutsa, masana ndimawalowetsa, ndimawasambitsa, ndimawameta, kenaka ndimapita kukagwira ganyu m'minda ya mpunga. Amayi akamadutsa popita kumjigo amaima n'kunena kuti amake Lute muli ndi mtima wabwino, akazi ena akanathawa kalekale. Ena amandiuza kuti ndiyenera kumamva kukoma mumtima pochita zimenezi. Ndimawayankha kuti zikomo. Mtima umene akunenawo ine sindiumva. Chimene ndimamva pogona ndi msana.